Mtima Saujambulira Pamsika

Lero tikambirane za mtima wanu ndi ndalama zanu, chifukwa masiku ano ziwirizi zayamba kuyendera limodzi.

Kujambula mtima kwasanduka bizinesi. Pa wailesi mukumva malonda ake, pa WhatsApp mukulandira mauthenga ake. Tsiku la msika, mwinanso kutchalitchi mapemphero akangotha, kumatulukira anthu ovala magauni oyera atanyamula laputopu, n'kumalengeza kuti makina awo amaona matenda onse a m'thupi m'mphindi zisanu. Mayi amene wakhala akumva mtima kugunda usiku amagulitsa nkhuku, kapena kukatenga ngongole ku banki mkhonde, kuti naye akaunikidwe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindibisa. Chithunzi cha mtima ndi chinthu chabwino, chapulumutsa anthu ochuluka. Koma woyenera kukuuzani kuti mukajambulidwe ndi dokotala amene wakufunsani mmene mukumvera, wakuyezani BP, wamvetsera m'chifuwa mwanu. Mwini makina amene akufuna ndalama yanu lero lomwe sangakhale mlangizi wanu pa nkhaniyi.

MAKINA ENIENI NDI ATI?

Tiyambe ndi kuwadziwa, kuti munthu akakutchulirani dzina lachizungu musanjenjemere.

ECG. Amakumatani timawaya 10 pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokhotakhota. Mtima umagunda ndi mphamvu ya magetsi ake omwe, ndipo ECG imalemba mmene magetsiwo akuyendera. Imaonetsa ngati mtima ukugunda modumphadumpha, mothamanga kwambiri kapena mochedwa, komanso ngati mnofu wake wavulala. Siipweteka, siikugwirani shoko, ndipo imatha m'mphindi zochepa.

Echo. Iyi ndi sikani yofanana ndi imene amayi oyembekezera amaunikidwa nayo pamimba. Amapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumayendetsapo kachipangizo kotumiza mafunde a phokoso limene khutu silimva. Pa sikirini mtima umaoneka ukugunda: zipinda zake 4, tizitseko take 4 timene timatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo, mphamvu imene ukupopera, ndiponso ngati wazingidwa ndi madzi. Echo ndi yabwinobwino kwa khanda ngakhale kwa mayi woyembekezera. Pa matenda a mtima amene amativutitsa kuno kwathu, makina ofunika kwambiri ndi amenewa.

X-ray ya pachifuwa. Imaonetsa ngati mtima wakula komanso ngati m'mapapo muli madzi kapena TB. Tizitseko ta mtima sitioneka pa X-ray.

CT scan, MRI ndi angiogram. Awa ndi makina akuluakulu ndi odula, opezeka m'zipatala zowerengeka za m'mizinda. CT ili ndi cheza champhamvu kuposa X-ray wamba, ndipo nthawi zambiri amakubayani mankhwala m'mtsempha kuti chithunzi chioneke bwino, mankhwala amene angavutitse munthu wa impso zofooka. MRI imagwira ntchito ndi maginito aakulu. Angiogram ndi pamene amalowetsa kapaipi kakang'ono pamkono kapena pamphechepeche mpaka kukafika kumtima kuti aone mitsempha yotsekeka. Zimenezi amalamula ndi dokotala wa mtima akakhala ndi funso lenileni lofuna yankho. Ndipo mayi aliyense woyembekezera, kapena amene akukayikira kuti waima, anene asanalowe mu X-ray kapena CT.

NANGA AJA OGWIRITSA KACHITSULO M'MANJA?

Amakuuzani kuti mufumbate kachitsulo kolumikizidwa ku laputopu. Pakapita mphindi ziwiri zitatu, sikirini yadzaza mitundu: mtima wofiira, chiwindi chachikasu, impso zobiriwira. Kenako nkhope ya woyezayo imagwa, n'kukuuzani motsitsa mawu kuti mitsempha ya mtima wanu yatsekeka, mwachita mwayi kubwera lero. Pambali pake pali kale katoni ya mabotolo a tiyi ndi makapisozi, mtengo wake woposa thumba la feteleza.

Amayi anga, kachitsulo kofumbata m'manja sikangaone mtima. Palibe chipatala chachikulu chilichonse chimene chimayeza mtima mwa njira imeneyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chizindikiro chake n'chosavuta: woyeza ndi wogulitsa mankhwala ndi munthu mmodzi, ndipo palibe amene amachoka pamenepo atauzidwa kuti ali bwino.

Kutaya ndalama ndi vuto laling'ono pa mavuto awiri amene amatsatira. Loyamba, munthu wabwinobwino amapita kunyumba ndi mantha, osagona, kusiya kulima poganiza kuti agwa m'munda. Lachiwiri ndi loopsa zedi: munthu wodwaladi amasiya mankhwala ake a BP n'kuyamba kumwa tiyi wa m'botolo, pakapita miyezi n'kufa ziwalo mbali imodzi. Kapena mwana wotupa mapazi amamwetsedwa makapisozi kwa miyezi itatu pamene kachitseko ka mtima wake kakuonongekerabe.

CHIFUKWA CHIYANI MALONDAWA ACHULUKA?

Matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi ndi amene amapha anthu ambiri padziko lonse. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, ndipo mwa anthu 4 alionse amene anamwalira, oposa 3 anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Pamene pali odwala ochuluka chonchi ndi mantha ochuluka chonchi, pamakhalanso msika. Makampani monga GE, Philips, Siemens ndi Canon amapikisana kupanga ndi kugulitsa makina ojambulira.

Makinawa sapangidwa kuno. Chipatala cholipira chikafuna CT kapena echo chimagula kunja ndi madola, kawirikawiri pa ngongole. Chimalipira magetsi, jenereta magetsi akazima, ndi katswiri wokonza makina akafa. Ndalama zonsezo ziyenera kubwerera, ndipo zimabwerera kudzera mwa anthu ojambulidwa. N'chifukwa chake mumamva za kuyeza thupi lonse pa mtengo wotsitsa. Sindikunena kuti zipatala zolipira ndi zakuba. Zambiri zili ndi madokotala okhulupirika, ndipo zimathandiza pamene makina a boma afa. Ndikungokukumbutsani kuti makina odula amafuna anthu oti awajambule tsiku ndi tsiku, kaya akudwala kaya ayi, ndipo inu mukalowa pakhomo paja muzidziwa zimenezi.

Palinso nkhani yabwino ya msika womwewu. Echo imene kale inali chimakina chokankha pa matayala, lero ilipo yaing'ono yokwana m'thumba la gauni, yolumikiza ku foni kapena tabuleti. Mtengo wake watsika kwambiri poyerekeza ndi zikuluzikulu zija. Ndiye kuti tsopano n'zotheka kuunika mtima wa mwana ku chipatala cha kumudzi popanda kumutumiza ku Blantyre. Chosowa kwambiri tsopano ndi munthu wophunzira kuwerenga chithunzicho. Echo m'manja mwa munthu wosaphunzira imanama ngati kachitsulo kaja.

AMENE AKUFUNIKADI KUJAMBULIDWA NDANI?

Apa ndiye pagona nkhani. Malonda amathamangira abwana a m'tauni oopa mafuta m'mitsempha. Pamene amene mitima yawo ikufunikadi echo ali kumudzi, ndipo ambiri ndi ana.

Pali matenda amene madokotala amati rheumatic heart disease. Amayamba ndi zilonda zapakhosi, zija timati n'zazing'ono, zitha zokha. Zilonda zina zapakhosi zimabwera ndi kachilombo kotchedwa strep. Mwana akapanda kulandira penicillin, thupi lake polimbana ndi kachilomboko limasokonezeka n'kuyamba kumenya ziwalo zake zomwe. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mwanayo amatentha thupi, mawondo ndi akakolo kutupa ndi kuwawa, ululu n'kumasamuka, lero bondo ili, mawa chigongono. Ena manja amangogwedezeka okha, kulephera kugwira cholembera kapena kapu. Mawondo amachira. Koma tizitseko ta mtima timatsala ndi zipsera, ndipo zilonda zapakhosi zikabweranso zipserazo zimawonjezeka, mpaka kachitseko kamayamba kudontha kapena kuuma. Matendawa amakonda kuyamba pa zaka 5 mpaka 15, makamaka kumene anthu amagona mothithikana. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali nawo, ndipo amapha oposa 300,000 chaka chilichonse.

Choopsa chake n'chakuti amayenda mwakachetechete. Mu 2007 kunatuluka kafukufuku amene anachitika pa ana asukulu ku Maputo, m'dziko la Mozambique. Pomvetsera m'chifuwa, madokotala anapeza ana 2 okha pa 1,000 alionse. Ataunika ndi echo anapeza ana 30 pa 1,000. Kuno kwathu, kafukufuku wa m'boma la Lilongwe amene anatuluka mu 2016 anaunika ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16, ndipo ana oposa 3 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa pa echo, iwo akusewera bwinobwino. Taganizirani sukulu ya pulayimale ya kwanuko ndi kuchuluka kwa ana ake.

Kodi kuwapeza msanga kumathandiza? Ku Uganda anayesa. Anatenga ana amene echo inaonetsa kuti matendawa angoyamba kumene. Gulu lina ankalibaya penicillin milungu 4 iliyonse kwa zaka 2, gulu lina ayi. Mwa ana 100 osabayidwa, 8 matenda awo anakula. Mwa ana 100 obayidwa, amene matenda anakula sanakwane n'komwe mmodzi. Mwaona? Chithunzi chinapeza matenda, koma chimene chinateteza mtima ndi jakisoni wotchipa uja. Choncho gulu la kuchipatala cha boma likabwera kusukulu kudzaunika ana mitima, mogwirizana ndi ahedi ndi a zaumoyo a m'boma lanu, musamubise mwana. Kuunika kotero kuli ndi kumene kukupita.

Achiwiri ndi amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene. Mimba imachulukitsa magazi m'thupi, mtima n'kumagwira ntchito yoposa masiku onse. Mtsikana amene kachitseko kake kanaonongeka ali mwana nthawi zambiri amadziwikira pa mimba yoyamba. Palinso mayi amene mtima wake umafooka m'mwezi womaliza wa mimba kapena miyezi yochepa atabereka, ngakhale sanadwalepo mtima. Kutupa pang'ono mapazi madzulo n'kwa mimba. Koma kubanika pogona chagada, kudzidzimuka usiku ukusowa mpweya, kulephera kufika pachitsime osapumira, kutsokomola thovu, zimenezo si za mimba wamba. Kanenedweni kusikelo tsiku lomwelo.

Achitatu ndi makanda obadwa ndi bowo mumtima kapena vuto lina. Khanda limayamwa pang'ono n'kusiya kuti lipume, thukuta lili kamukamu pamphumi, sikelo yosakwera, kupuma mofulumira, mwina milomo ndi lilime kuoneka zodera.

Achinayi ndi akuluakulu amene BP yawo yakhala yokwera zaka zambiri mpaka mtima watopa, komanso odwala TB amene madzi azinga mtima. Echo imaona madziwo pompopompo.

Pa zotupa mapazi ndi chifuwa, ndikudziwa kuti kumudzi timathamangira kunena kuti ndi tsempho, wina wadumpha mwambo, kapena mwana wamulodza. Sindikunyoza akuluakulu athu. Pempho langa ndi lakuti nkhani zimenezo zikamakambidwa pakhomo, mwanayo akhale ali kale panjira yopita kuchipatala. Mphini pachifuwa sizitseka kachitseko kodontha.

"ANESI, KOMA KU BOMA TIMANGOBWERERA"

Ena mwa inu mukunena zimenezi pamene mukuwerenga, ndipo simukunama. Mzere umatalika, makina amafa, tsiku la echo limaikidwa kutali, thiransipoti yopita ku Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu kapena Zomba Central ndi ndalama zambiri. Amalonda aja amapeza malo chifukwa iwo amabwera pafupi, amamwetulira, amakupatsani yankho lero. Ife a zaumoyo tiyenera kuphunzirapo kanthu pamenepo.

Komabe yankho labodza lopezeka msanga silichiritsa. Ndipo dziwani ichi: mankhwala ambiri opulumutsa munthu wa mtima sadikira chithunzi. Dokotala wa pa chipatala chaching'ono akaona kuti mapazi atupa ndipo m'mapapo muli madzi, atha kukuyambitsani mankhwala ochotsa madzi lero lomwe, echo n'kudzabwera pambuyo. Zilonda zapakhosi sizifuna sikani. BP siifuna sikani. Ndiye yambirani pa chipatala chanu chapafupi ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Akaona kuti pakufunika echo adzakulemberani kalata yokutumizani. Ngati mwaganiza zokalipira ku chipatala cholipira kuti zifulumire, palibe cholakwa, koma pitani ndi kalatayo, ndipo zotsatira mubwere nazo kwa amene anakutumizani.

MUSANATULUTSE NDALAMA, FUNSANI

Safunsa anadya phula. Musachite manyazi, ndalama ndi yanu, thupi ndi lanu.

1. Dzina la kuyezaku ndi chiyani? Ndi ECG, echo, X-ray kapena CT? Akatchula dzina lina lachilendo n'kumati limaona thupi lonse nthawi imodzi, nyamukani.

2. Mukufuna kupeza chiyani mwa ine? Dokotala weniweni amayankha mosavuta: ndamva phokoso lachilendo mumtima, ndikufuna ndione kachitseko.

3. Zotsatira zikatuluka, chisinthe n'chiyani pa chithandizo changa? Ngati palibe chosintha, ndalamayo isungireni mankhwala ndi thiransipoti.

4. Awerenge chithunzichi ndani, ndipo mundipatsa lipoti lolembedwa? Lipotilo likhale ndi dzina la woyeza, ndipo lilowe m'kabuku kanu.

5. Muli ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi? Chipatala chovomerezeka sichikwiya mukafunsa zimenezi.

6. Kodi palibe njira yotsika mtengo yoyambira? Nthawi zambiri kutopa ndi kugunda kwa mtima kumachokera ku kuchepa kwa magazi, malungo kapena nkhawa. Kuyeza magazi pachala kutha kupereka yankho limene CT singapereke.

Koma pali nthawi imene simuyenera kufunsa mtengo kapena kudikira kuti kuche. Ululu wofinya pachifuwa ngati wina wakukhalirani, wofika kumkono kapena kunsagwada, pamodzi ndi thukuta. Kukomoka. Kubanika munthu atangokhala pansi. Kukamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi. Pezani kabaza, njinga yamoto kapena galimoto, thamangani kuchipatala.

CHIMENE TIYENERA KUPEMPHA KWA ATSOGOLERI

Atsogoleri amakonda kudula riboni pa chimakina chachikulu, chifukwa chimaoneka bwino pa TV. Zipatala zathu zikuluzikulu zikufunikadi CT yogwira ntchito, sindikutsutsa. Koma ine mutandifunsa poyambira, ndinganene kuti chipatala chilichonse cha m'boma chikhale ndi echo yaing'ono, madokotala ndi anamwino awiri atatu ophunzitsidwa bwino kuigwiritsa ntchito, penicillin wosatha m'famase, ndi makina a BP okhala ndi mabatire pa chipatala chaching'ono chilichonse.

Izi si maloto. Ku Neno, boma mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likuyendetsa kiliniki ya matenda okhalitsa kumene ogwira ntchito a pomwepo amaunika mtima ndi echo, odwala osapita ku Blantyre pa chilichonse. Njira imeneyi imatchedwa PEN-Plus, ndipo mu 2022 mayiko a mu Africa a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti aifalitse. Ngati zatheka ku Neno, kwa mapiri ndi misewu yovuta kuja, zingatheke kwanuko.

Taganiziraninso mtengo wa kuchedwa. Mwana amene kachitseko kake kaonongekeratu amafunika opaleshoni yotsegula chifuwa, ndipo ambiri mwa odwala otere amadikira pa mndandanda wotumizidwa kunja, monga ku India. Ena amamwalira akudikira. Amene aikidwa kachitseko kachitsulo amamwa mankhwala osungunula magazi moyo wawo wonse. Ndalama ya opaleshoni imodzi ingagule majakisoni a penicillin a ana ambirimbiri. Mukakhala pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kapena a khansala ndi a phungu akabwera kudzapempha voti, afunseni: echo ya pachipatala chathu ili kuti, ndani anaphunzira kuigwiritsa ntchito, nanga penicillin amatheranji?

ZIMENE MUNGACHITE SABATA INO

Mwana akadandaula pakhosi, thupi likutentha, kumeza kukuwawa, makamaka ngati palibe chimfine kapena chifuwa, pitani naye kuchipatala. Akapatsidwa mapilitsi a masiku 10, amalize onse ngakhale achire pa tsiku lachitatu. Musagule makapisozi awiri pa golosale n'kumati mwathana nazo.

Mwana amene anauzidwa kale kuti azibayidwa penicillin mwezi ndi mwezi asadumphe, ngakhale akuoneka wamphamvu. Jakisoniyo amawawa, ndikudziwa, ndipo amatenga zaka zambiri, ena 10, ena kupitirira. Mulimbikitseni, muperekezeni, lembani tsiku pakalendala.

Mtsikana kapena mayi amene ali ndi vuto la mtima akambirane ndi dokotala asanatenge mimba, ndipo akachirire ku chipatala chachikulu.

Inu akuluakulu, kayezetseni BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kuyeza ndi kwaulere ku chipatala cha boma. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, mukufunika chithandizo. Chepetsani mchere: tsiku lonse munthu mmodzi asapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu ndiwo, usipa wouma ndi timakyubu tokometsera. Fodya musiyeni, kachasu muchepetse, mankhwala a BP musasiye chifukwa mutu wasiya kuwawa.

Ndipo agauni oyera aja akadzafika pa msika wanu ndi laputopu yawo, gwirani dzanja la mayi mnzanu amene akumasula mfundo ya chitenje, mumuuze kuti ndalamayo ikhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Uthengawu muwawerengere agogo ndi anzanu amene alibe foni. Mulungu akusungeni inu ndi ana anu.